Bafa lapamwamba: matailosi a mtundu umodzi, chitsulo chimodzi, thabwa limodzi

Mukalowa m'nyumba zatsopano za ku Kalongwezi kuno ku Chipata kapena zomwe zikumangidwa m'mbali mwa msewu wa ku Mwami, mupeza kuti bafa ndi chipinda chomwe eni nyumba athirapo ndalama mosaumira. Koma mabafa ambiri otere amatopetsa maso. Pansi pali matailosi akuda onyezimira, kukhoma ofiirira, pakati padutsa lamba wa timatailosi tagalasi, m'shawa muli ena onga miyala ya kumtsinje, pompi ndi yagolide, pokoleka thaulo n'pasiliva, chitseko cha shawa chili ndi felemu yakuda. Chilichonse n'chodula ndipo pachokha n'chokongola. Zikakumana m'kachipinda ka mamita 2.4 m'lifupi ndi 3 m'litali, zimangolimbana ngati ogulitsa pa msika wa Kapata, aliyense kuitanira katundu wake.

Musanapite ku Down Shops kapena kutuma munthu ku Lusaka, werengani kaye zinthu zomwe zidzakhalemo mufune musafune: kuyera kwa toileti ndi beseni, galasi la shawa ndi kalilole, penti ya kudenga. Izi zokha zakwana kale zitatu. Zosankha zanu zikhale zitatu basi. Tailosi ya mtundu umodzi yotenga pansi ndi makoma, chitsulo cha maonekedwe amodzi pa mapompi ndi zogwirira zonse, ndi chinthu chimodzi chopatsa bafa moyo, kaya thabwa la kabati ya beseni kaya mwala wapamwamba pake.

Tiyambe ndi masamu, pakuti ndi pomwe ndalama zimatayikira mwakachetechete. Bafa la 2.4 ndi 3 lija lili ndi masikweya mita 7.2 pansi. Makoma akakwera mamita 2.4, kuchotsapo chitseko ndi zenera, amatsala pafupifupi masikweya mita 24. Zonse pamodzi ndi 31. Onjezerani 10 peresenti ya zodula ndi zosweka, mufika pa 34. Bokosi la matailosi a masentimita 60 mbali zonse nthawi zambiri limakhala ndi anayi, omwe amakuta masikweya mita 1.44, ndiye mukufuna mabokosi 24, ndi awiri ena osunga. Tailosi ikakhala imodzi, chidutswa chotsala pakona ya khoma chimakagwira ntchito m'mphepete mwa pansi. Mukagawa malo omwewo pa mitundu inayi, mtundu uliwonse umafuna zapadera zake, chotsala cha wina sichithandiza mnzake, ndipo mumatsiriza ndi mulu wa zidutswa kuseri kwa nyumba.

Pabokosi lililonse pamakhala nambala ya gulu lomwe matailosiwo anawotchedwera, pena imalembedwa kuti batch, pena shade kapena tone. Matailosi a dzina limodzi koma a magulu osiyana amasiyana pang'ono mtundu, nthawi zina ngakhale kukula ndi milimita imodzi kapena iwiri. M'shopu simuona. Pakhoma, dzuwa la m'mawa likalowa pazenera, malire ake amaoneka ngati chigamba pa buluku. Kwa ife a ku Chipata vuto ili n'lalikulu chifukwa katundu wambiri wapamwamba amayenda makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East Road kuchokera ku Lusaka. Mabokosi awiri akaperewera, pofika poti muitanitse ena gulu lija latha. Choncho onani nambala pa bokosi lililonse lisanakwere galimoto, osangoona lapamwamba lokha.

Tailosi yoyenera kutenga pansi ndi khoma ndi ya porcelain, yomwe imamwa madzi osafika theka la peresenti. Ya pansi ikhoza kukwera kukhoma, koma ya kukhoma ya ceramic isatsike pansi, imasweka komanso imaterera. Sankhani yosanyezimira, ndipo funsani chizindikiro cha kusaterera. R10 ndi poyambira pabwino, m'shawa R11 ndi yabwino koposa. Porcelain siimwa madzi kwenikweni, ndiye simenti wamba siigwira bwino. Pamafunika guluu wa matailosi wolembedwa kuti ndi wa porcelain, wopakidwa ndi chipande cha mano a mamilimita 10, ndipo thumba la makilogalamu 20 limakuta masikweya mita atatu kapena anayi. Mukaona mmisiri akuika timibulu tisanu ta guluu kumbuyo kwa tailosi n'kuimata, muimitseni. Kumbuyoko kumatsala mphako, madzi amakhalamo, ndipo mukagogoda ndi kiyi imalira ngati ng'oma.

Pansi pa shawa ndi pomwe anthu ambiri amagonjera n'kugula mtundu wachiwiri. Chifukwa chake n'chomveka. Madzi amafuna kutsetsereka kwa masentimita 1.5 mpaka 2 pa mita iliyonse, ndipo tailosi yaikulu siipindika kuti itsetserekere pa kabowo ka pakati kuchokera mbali zinayi. Njira yake ndi kuika ngalande yaitali yachitsulo m'mphepete mwa khoma limodzi, kuti pansi ponse papendekere mbali imodzi yokha. Tailosi yomweyo imangopitirira kuchokera pachitseko mpaka m'shawa, ndipo bafa limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili.

Pomwe zinthu ziwiri zosiyana zikumana ndi pomwe madzi amafunafuna polowera. Timatailosi tagalasi ta mamilimita 4 tikakumana ndi porcelain ya mamilimita 9 kapena 10, mmisiri amayenera kudzaza guluu kuti zilingane, ndipo kawirikawiri pamatsala kamlomo kosunga sopo ndi litsiro. Timatailosi timeneti tili ndi mizere yambiri ya grout, simenti yodzaza mipata ya pakati pa matailosi, ndipo grout ndiye amayamba kuda. Grout akhale wa mtundu woyandikana ndi wa tailosi, mizere ya mamilimita 2 kapena 3. M'makona, ndi pomwe khoma likumana ndi pansi, musaike grout koma silikoni wa m'bafa wa mtundu womwewo, chifukwa makona amasuntha pang'ono ndipo grout amang'ambika.

Tsono chitsulo. Mapompi akuda ndi agolide ndi omwe ali m'fasho pa Facebook, koma "wakuda" wa kampani ina si wakuda wa inzake, ndipo golide ndiye amasiyana kwambiri: wina wachikasu, wina wofiirira, wina ngati mkuwa wakale. Mukasankha mtundu, werengani zonse zomwe zidzaufuna: pompi ya beseni, ya shawa, mutu wa shawa, pokoleka thaulo, poika pepala, batani la toileti, mahinji a galasi, chivundikiro cha ngalande, zogwirira za kabati. Ngati chimodzi mwa izi sichikupezeka mu mtunduwo, siyani mtunduwo. Apa chrome, ya maonekedwe asiliva onyezimira ija, imapambana, chifukwa ya kampani iliyonse imafanana ndi ya inzake, ndipo ikawonongeka yolowa m'malo mwake muipeza m'tauni momwemo.

Palinso nkhani ya madzi. Nyumba zambiri zatsopano zimadalira borehole, ndipo madzi apansi nthawi zambiri amasiya zoyera akauma. Pa chrome siziwonekera kwambiri ngati pa chitsulo chakuda. Pa pompi yakuda dontho lililonse limalemba dzina lake. Wotsuka akatenga waya wotsukira mapoto, utoto wakuda uja umayamba kusupuka. Ngati mtima wanu uli pa wakuda kapena golide, funani wopakidwa mwa njira yotchedwa PVD, yomwe imalimba kuposa utoto wamba, ndipo muzipukuta ndi kansalu kofewa mukatha kusamba.

Izi zikutifikitsa pa chifukwa china chochepetsera mitundu, chomwe ogulitsa satchula. Chinthu chilichonse chili ndi kasamalidwe kake, koma wotsuka bafa amalowa ndi ndowa imodzi ndi botolo limodzi. Zoyera za madzi zimachoka ndi viniga kapena mandimu. Asidi yemweyo akagwera pa mwala wa mabo (marble) amaudya, n'kusiya banga lofwifwa lomwe silichoka ndi sopo aliyense. Mankhwala amphamvu otsukira toileti ndiye oopsa kwambiri pa mwalawu. Ndiye bafa la mabo, pompi yakuda ndi madzi a borehole ndi msampha: chotsukira chimodzi chikuwononga chinzake. Wofuna mwala weniweni asankhe granite, ndipo ukhale pamwamba pa kabati pokha.

Kwa ine chinthu chachitatu chabwino koposa kuno ndi mlombwa, womwe ambiri amautcha mukwa. Susinthasintha kwambiri ndi chinyezi, akalipentala athu amaudziwa, ndipo kufiira kwake kumachotsa kuzizira kwa matailosi otuwa. Ukhale wouma bwino, upakidwe vanishi katatu mbali zonse kuphatikizapo kumbuyo ndi kunsi, ndipo kabatiyo ipachikidwe kukhoma, isakhudze pansi. Matabwa opanikiza a chipboard amafufuma ngati chitumbuwa madzi akangowalowa m'mphepete. Felemu ya kalilole kapena kashelefu zikhale za mlombwa womwewo.

Ena amaopa kuti bafa lotere lidzaoneka losauka. Chomwe chimalipulumutsa ndi kayalidwe ndi kuwala. Mizere ya pansi ikwere molunjika kukhoma, beseni ndi pompi ya shawa zikhale pakati pa tailosi kapena pamzere penipeni, ndipo pasakhale kachidutswa kowonda ngati chala pakona. Mmisiri ayale mzere umodzi pouma asanasakanize guluu. Mababu onse akhale a kuwala kumodzi, 3000K ngati mukufuna kofunda, chifukwa babu loyera kwambiri pafupi ndi lachikasu limachititsa tailosi imodzi kuoneka ngati mitundu iwiri.

Ndalama zomwe zikanapita ku lamba wa timatailosi zipite kuseri kwa matailosi. Mankhwala otchinga madzi apakidwe kawiri pansi ponse, akwere masentimita 15 kumakoma, m'shawa akwere mamita 1.8 kapena kuposa. Akauma, tsekani ngalande, thirani madzi ndi kuwasiya maola 24, kenako yang'anani khoma la chipinda choyandikana nalo. Tailosi yoyamba isamatidwe mayesowa asanachitike.

Musanalipire chilichonse, pemphani kapena gulani tailosi imodzi, tengani kachidutswa ka mlombwa kopakidwa vanishi ndi chogwirira chimodzi cha chitsulo chomwe mwasankha, muziike pamodzi pansi m'bafa momwemo. Zioneni m'mawa, masana, ndi usiku pa babu. Thirani madzi a panyumbapo pa tailosi, pondanipo ndi phazi lopanda nsapato, kenako asiyeni aume okha kuti muone chomwe atsalitse.