Trela ya mafiti 53 mwaiona pa intanetiyo, werengani kaye mamita musanatumize ndalama

Ife amene timakonza maulendo a mathiraki kuno ku Lusaka pali funso lomwe silitisiya. Munthu wapeza trela yotchipa ku America, pa chithunzi palembedwa 53', ndiye akuti bwana iyi siingandigwirire ntchito ya ku Durban? Funsoli limayankhidwa ndi tepi, maso amanama.

Masamu ake ndi ochepa chabe. Fiti imodzi ndi mamita 0.3048 ndendende, inchi imodzi ndi masentimita 2.54, mainchi 12 ndiye fiti imodzi. Mayiko olankhula Chingerezi anagwirizana manambala amenewa mu 1959 ndipo sanasinthenso. Ndiye trela ya mafiti 53 ndi mamita 16.15, ya 48 ndi 14.63. Ambiri timawerenga m'mutu, kuchulukitsa ndi 3 kenako kugawa ndi 10, njirayi ndi yabwino pocheza koma 53 imakupatsani 15.9, mwataya masentimita 25, ndipo ofisala akatulutsa tepi masentimita 25 amenewo sakukhululukirani. Samalaninso ndi kalembedwe, 13'6" si 13.6 ayi, ndi mafiti 13 ndi mainchi 6, kutanthauza mamita 4.11, ndiwo msinkhu wa matrela ambiri a ku America. Pomwe 13.6 ndi mamita a utali wa trela ya ku Ulaya. Manambala ofanana, zinthu zosiyana kotheratu.

Manje nkhani yeniyeni ndi iyi. Ku America lamulo la 1982 linalamula kuti m'misewu ikuluikulu maboma onse azilola trela yosachepera mafiti 48, ndipo pamisewu imeneyo sayeza utali wa hosi (mutu wa thiraki umene umakoka trela) ndi trela pamodzi, amayang'ana trela yokha. Ndi chifukwa chake ma Freightliner ndi ma Kenworth a kumeneko ali ndi mphuno yaitali ndi chipinda chogona chachikulu kumbuyo kwa dalaivala, mphunoyo siwadyera malo a katundu. Ku Ulaya amayeza zonse, hosi ndi trela zisapose mamita 16.5, ndiye opanga ngati Scania, Volvo ndi DAF anakhazika dalaivala pamwamba pa injini kuti malo otsalawo apite ku katundu. Kuno kwathu kummwera kwa Africa timatsata maganizo achiwiriwa, tepi imayambira pa bampa yakutsogolo mpaka kumchira.

Ku South Africa, komwe mathiraki athu ambiri amalowera akadutsa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula, galimoto yosalumikiza imathera pa mamita 12.5, hosi ndi trela imodzi pa 18.5, ndipo interlink, yomwe ndi hosi yokoka matrela awiri olumikizana, pa 22. Mamita 22 amenewa ndiwo malire odziwika m'chigawo chonse cha SADC, pamodzi ndi matani 56. Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka, amamva 22 n'kuganiza kuti chilichonse chochepera apo chadutsa. Ayi, 22 ndi ya interlink. Tengani trela ya mamita 16.15 ija muikoke ndi hosi yopanda mphuno, hosiyo imawonjezera pafupifupi mamita 3 kutsogolo, mwafika 19, mwaposa kale 18.5. Mukaika hosi ya mphuno ndiye musatchule n'komwe. Trela yotchipa ija imasanduka sitolo yosungiramo matayala pa yadi.

Ena amati koma bwanji interlink yaitali ikuloledwa pomwe trela imodzi yofupikirapo ikukanidwa, si kukondera uku? Si kukondera. Interlink imapinda pawiri, ndiye pakona mawilo akumbuyo amatsata pafupi ndi pomwe akutsogolo adutsa. Trela imodzi yaitali siipinda, ikamakhota mchira umadula kona, ndipo mtunda wochoka pa kingpin, chitsulo chimene trela imakolekera pa hosi, kufika pa mawilo akumbuyo ukakula kudulako kumakulanso. Imani pa Kafue roundabout tsiku lina muone mmene thiraki imatsegulira kaye kunja isanakhote, wa minibasi akaona mpatawo amayesa amusiyira njira, n'kudzilowetsa pomwe mawilo a trela akubwera. Chifukwa china ndi kupitirira, pa Great North Road kapena Great East Road pomwe msewu ndi wa mizere iwiri chabe, mita iliyonse yowonjezera ndi nthawi yowonjezera imene muli kumbali ya magalimoto obwera.

Makontena nawo amabwera ndi mafiti olo kuti ife timayeza mamita. Ya 40 ndi mamita 12.19. Ya 20 siikwana mafiti 20 enieni, ndi mamita 6.06, anaifupikitsa dala pang'ono kuti ziwiri zikhale bwino pamalo a ya 40 imodzi. Ndiye mukamva a ma interlink akunena kuti 6 ndi 12, akunena madeki awiri aja, yakutsogolo ya kontena yaing'ono yakumbuyo ya yaikulu. Msinkhu musaiwale, kontena wamba ndi mamita 2.59 pomwe high cube, kontena yaitali msinkhu, ndi 2.90, ndipo ku South Africa malire a msinkhu ndi 4.3, ndiye deki ikakhala yokwera masentimita owonjezerawo amavuta.

Katundu wotulukira kumbuyo, kaya ndi zitsulo za konkiriti kaya mapaipi, musaganize kuti kumangirira kansalu kofiira kwathetsa nkhani, kansaluko n'kochenjeza obwera m'mbuyo basi. Ngati katunduyo sangagawidwe ndipo waposa malire, pitani ku RDA (Road Development Agency, bungwe loyang'anira misewu kuno ku Zambia) mukatenge pemiti ya abnormal load musananyamuke, osati thiraki itaima kale pa sikelo ya Kafue kapena ya Kapiri Mposhi, dalaivala akuimba foni pakati pa usiku kasitomala nayenso akudikira katundu wake ku Kitwe.