Ululu Ukatsala Sikuti Khansa Yabwerera

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg timaganiza kuti munthu akachira khansa ya m'kamwa kapena pakhosi, ululu uyenera kutheratu. Ukapitirira, timanong'onezana kuti matenda abwerera, ena mpaka amati walodzedwa.

Nthawi zambiri si choncho. Radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza champhamvu), yomwe odwala ambiri amalandira kuchipatala cha Charlotte Maxeke, imapha khansa koma imalimbitsanso minofu ya khosi ndi nsagwada, n'kuchepetsa malovu. Munthu amavutika kuyasamula, nsima siyitsika popanda kapu ya madzi pambali. Opaleshoni yochotsa mwanabere m'khosi imatha kuvulaza mtsempha woyendetsa phewa, moti kuvala jekete kokha kumawawa kwa zaka.

Munthu wotere akamadandaula, chonde mukhulupirireni. Mafizo ndi mankhwala a ululu wa mitsempha zimathandiza. Koma akamva ululu wachilendo, kapena akatuluka chotupa kapena chilonda chosapola, mupite naye kuchipatala msanga.