Chigaza cha ku Olduvai sanachipeze ndi Louis Leakey

Anthu ambiri akamva za chigaza chotchuka cha cholengedwa chakale kwambiri chonga munthu, chopezeka m'chigwa cha Olduvai Gorge, ku Tanzania, amatchula Louis Leakey, katswiri wofufuza za chiyambi cha anthu. Iyeyu ndiye ankalankhula ndi atolankhani komanso kusaka ndalama za kafukufuku, choncho dzina lake ndilo linamveka. Koma pa 17 July 1959 Louis anatsala pamsasa akudwala. Amene anaona fupalo litatulukira m'dothi anali mkazi wake, Mary Leakey. Louis anachitcha Zinjanthropus boisei, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti chakhala zaka pafupifupi 1.75 miliyoni.

Kwa ine, ntchito yaikulu ya Mary sinali chigazacho. Ankalemba pamapu malo enieni pamene panagona zida zamwala ndi mafupa a nyama, ntchito yotopetsa ndithu, koma inathandiza kuonetsa momwe anthu akalewo ankakhalira m'mphepete mwa nyanja yomwe inaphwa kalekale.

Louis anamwalira mu 1972. Mu 1978 gulu lotsogoleredwa ndi Mary linafukula ku Laetoli, ku Tanzania komweko, mapazi odindika paphulusa la phiri lophulika, a zaka 3.6 miliyoni. Eni mapaziwo ankayenda chilili ndi miyendo iwiri.