Carl Fisher ndi mchenga womwe Miami Beach yakhalapo

Chaka chilichonse cha m'ma Okutobala nyanja ikakwera, misewu ina ku Miami Beach ku Florida imadzaza madzi dzuwa likuswa mtengo, mvula osagwa ndi dontho lomwe, ndipo mzindawu wataya kale madola mamiliyoni ambirimbiri pa mapampu ndi kukweza misewu. Ndiye funso limabweranso, kodi anayambitsa kumanga pamalo oterewa ndani? Yankho lake ndi Carl Fisher.

Mkuluyu anabadwa mu 1874 ku Indiana, sukulu anaisiya ali mwana, anayamba ndi kukonza njinga, kenako analemera ndi kampani ya nyali za galimoto ya Prest-O-Lite, komanso ndi mmodzi mwa amene anamanga bwalo la mpikisano wa magalimoto la Indianapolis mu 1909. Zimenezo tizidumphe.

Nkhani yeniyeni ili pa mlatho. Kunali mdala wina John Collins, mlimi wa mapeyala wochokera ku New Jersey, zaka zoposa 70, yemwe anayamba kumanga mlatho wamatabwa wa mamailosi awiri ndi theka kuchoka ku Miami kuwoloka Biscayne Bay kukafika ku munda wake, komwe lero kuli Miami Beach. Ndalama zinamuthera mlatho usanafike tsidya. Fisher anamubwereka $50,000 ndipo analandirapo maekala 200, mlatho nkutsegulidwa mu Juni 1913. Koma maekala akewo musaganize kuti anali malo abwino ayi, linali dambo la mitengo ya mangrove, udzudzu wokhawokha. Iye anabweretsa makina opopa mchenga pansi pa nyanja nkumathira m'dambomo mpaka panauma poti nkudula mapuloti. Mu 1915 Miami Beach inakhala tauni payokha. Poyamba ogula kunalibe, ndiye anayamba zokopa anthu, kumanga Flamingo Hotel, chikwangwani ku Times Square chouza anthu ozizidwa a ku New York kuti ku Miami kukutentha, mpaka njovu yake Rosie inajambulidwa ikunyamulira Warren Harding, yemwe anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa America, ndodo za gofu mu 1921.

Nkhani zambiri zokoma za Fisher zimachokera m'buku lomwe analemba mkazi wake wakale Jane mu 1947, ndipo mayiyo ankakonda kuthira mchere, ndiye tizimva mochenjera. Ngakhale za chuma chake mu 1925 olemba sagwirizana, ena amati $50 miliyoni ena $100 miliyoni. Pomwe onse amagwirizana ndi pa kugwa kwake. Namondwe wa pa 18 Sepitembala 1926 anasasantha tauniyo, iye ndalama atazikwirira kale ku Montauk ku New York komwe ankafuna Miami Beach yachiwiri, kenako msika wa masheya unagwa mu 1929, basi zonse zinapita. Anamwalira mu Julayi 1939 ali ndi zaka 65, mowa utamudya, akukhala m'kanyumba wamba m'tauni yomwe anaimanga yekha.

Yekha? Apa mpomwe ine ndimakakamira. Chipilala chake ku Alton Road chimati anasema mzinda kuchokera m'nkhalango, koma ogwira zikwanje m'matope muja anali anthu akuda, ambiri ochokera ku Bahamas ndi madera akummwera kwa America, ndipo tauni itakongola sankaloledwa kugulamo malo, dzuwa likalowa ankayenera kuwoloka kubwerera ku Miami. Ayuda nawonso ankakanizidwa mapuloti ndi mahotela ambiri. Omuikira kumbuyo amati inali nthawi yake, Florida yense anali watsankho choncho, ndipo nzoona, koma mapepala ogulitsira malo okhala ndi ziletso zimenezi ankalemba ndi kampani yake.

Chilumba chomwe lero amati Fisher Island, komwe kumakhala mpondamatiki okhaokha ndipo kulibe mlatho wopitako, Fisher anachigula mu 1919 kwa Dana Dorsey, munthu wakuda yemwe anayamba ngati kalipentala nkudzalemera ndi nyumba za lendi ku Miami. Dorsey ankafuna kuti pakhale gombe loti anthu akuda azikasambako.