Moto ndi mabuku oyera: kumene mkanganowu unachokera

Pa 28 June 2023, tsiku limene Asilamu ankakondwerera Eid ya nsembe, mkulu wina wochokera ku Iraq, Salwan Momika, anaima panja pa mzikiti waukulu wa mumzinda wa Stockholm ku Sweden n'kutentha Qur'an apolisi akumulondera. Kanema wake sanachedwe kulowa m'mafoni muno mu Mzuzu. Popeza mkuluyo ankadzitchula kuti sakhulupirira Mulungu, mlandu unagamulidwa msanga m'magulu a WhatsApp, kuyambira ku Chibavi mpaka ku Luwinga: anthu okana Mulungu ndi otero, mukawalekerera atentha ndi Baibulo lomwe. Ine ndimapemphera, ndipo kanema uja anandinyansa. Koma chigamulocho sindigwirizana nacho, chifukwa mbiri ya moto umenewu ndi yaitali ndipo manja amene akhala akuukoleza ndi ambiri.

Nkhani yoyamba ili m'Baibulo momwemo, pa Yeremiya 36. Mfumu Yehoyakimu inali m'nyumba yake nyengo yozizira ikuotha moto wa pa mbaula, monga timachitira ife m'chisanu cha June kuno. Yehudi, mtumiki wa mfumuyo, akawerenga magawo atatu kapena anayi a mpukutu wa mneneri Yeremiya, mfumuyo inkadula ndi mpeni n'kuponya pamoto, mpaka mpukutu wonse unatha. Imeneyi inali mfumu ya Yuda, ya mumzinda wa kachisi. Chimene chinaiwawa ndi uthenga woti ufumu wake ugwa. Pa Machitidwe 19 zinthu zatembenuka: okhulupirira atsopano a ku Efeso ndi amene akutentha mabuku a zamatsenga, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000.

M'chaka cha 303 mfumu ya Roma, Diocletian, inalamula kuti malemba a Akhristu aperekedwe kwa akuluakulu a boma kuti atenthedwe. Bala lalikulu linatsala kuno ku Africa. Atsogoleri ena a mpingo anapereka mabuku kuti apulumutse moyo, ena anakana n'kuphedwa. Chizunzo chitatha, mpingo wa ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa, unang'ambika pa funso loti kodi munthu wodzozedwa ndi amene anapereka malemba angakhale bishopu. Otsatira bishopu wina dzina lake Donatus anati ayi, ndipo mgawanowo unakhala zaka zoposa 100. Akhristu atagwira mphamvu, nawonso anayamba kusonkha. Ku Paris mu 1242 anatentha ngolo 24 za Talmud, mabuku a chiphunzitso cha chipembedzo cha Ayuda. Mu 1526 bishopu wa London, Cuthbert Tunstall, anatenthetsa Chipangano Chatsopano chimene William Tyndale anamasulira m'Chingerezi, ndipo patapita zaka 10 Tyndale mwiniwake ananyongedwa, thupi lake n'kutenthedwa. Mu January 2013, zigawenga zodzitcha zoteteza Chisilamu zinatentha zolemba zakale za Asilamu anzawo ku Timbuktu, ku Mali.

Okana Mulungu ali ndi mlandu wawo, ndipo si waung'ono. Ku Soviet Union, bungwe lolimbana ndi zipembedzo la League of Militant Atheists limene linayamba mu 1925 motsogozedwa ndi Yemelyan Yaroslavsky linali ndi boma kumbuyo kwake. Matchalitchi anatsekedwa, ansembe anamangidwa ndi kuphedwa, Baibulo linakhala zaka zambiri osasindikizidwa. Ku Albania, Enver Hoxha anatseka matchalitchi ndi mizikiti yoposa 2,000 mu 1967, ndipo malamulo a dzikolo a 1976 anati boma silivomereza chipembedzo chilichonse. Kupezeka ndi buku loyera kunali kudziitanira ndende. Wosakhulupirira amene amanena kuti gulu lake silinagwirepo machesi akunama.

Koma onani chimene Diocletian, Tunstall ndi Hoxha akufanana. Wina ankapembedza milungu ya Roma, wina Yesu, wina sankapembedza konse. Onse atatu anali ndi asilikali kapena makhoti m'manja, ndipo ankaopa zimene anthu wamba angawerenge.

Okana Mulungu a masiku ano, amene alibe boma, sagwirizana okhaokha pa nkhaniyi. Ena amati buku ndi pepala ndi inki, ukaligula ndi lako, ndipo palibe chinthu choyera moti munthu n'kumangidwa nacho. Mu 2008 mphunzitsi wa sayansi ku America, PZ Myers, anataya m'bini mkate wa Ukaristia pamodzi ndi masamba a Qur'an, n'kuwonjezapo masamba a buku la Richard Dawkins, mnzake wosakhulupirira, pofuna kusonyeza kuti kwa iye chopatulika kulibe. Ena amakana zimenezi kwamtuwagalu. Amakumbutsa kuti pa 10 May 1933 ophunzira a chipani cha Nazi atakoleza moto ku Berlin, mabuku a Karl Marx ndi Sigmund Freud, anthu osapembedza, anali m'gulu la amene anapsa. Amatinso mtsutso wawo wonse umadalira kuti munthu atsegule Baibulo kapena Qur'an, awerenge yekha, afunse mafunso. Phulusa silifunsidwa funso. Pakati pa magulu awiriwa pali ambiri amene amati kutentha buku n'kupusa komanso nkhanza, koma si ntchito ya apolisi.

Mbali yomalizayi ndi imene yavuta maiko. Denmark inachotsa lamulo loletsa kunyoza chipembedzo mu 2017, koma mu December 2023 inakhazikitsa lina loletsa kuwononga mabuku oyera poyera, chilango chake mpaka zaka 2 m'ndende. Inaona zimene zinachitika ku Baghdad mu July chaka chomwecho, pamene anthu okwiya anayatsa ofesi ya kazembe wa Sweden. Momika anawomberedwa n'kufa mu January 2025. Amene anamupha anachita choipa choposa chimene iye anachita, ndipo wopemphera aliyense ayenera kutha kunena zimenezo mosameza mawu.

Kuno kwathu osakhulupirira ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu opanda chipembedzo ndi 2 okha pa 100 aliwonse. Wodziwika kwambiri mwa iwo, George Thindwa wa bungwe la osapembedza la Association for Secular Humanism, anatchuka chifukwa chomenyera nkhondo agogo amene ankamangidwa powanamizira ufiti. Lamulo lathu lalikulu, pa gawo 33, limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chikhulupiriro, pamene lamulo la milandu, Penal Code, limaletsa kuwononga kapena kudetsa chinthu chimene anthu amachiona chopatulika ndi cholinga chonyoza chipembedzo chawo. Choncho zimene anachita Momika, kuno ndi mlandu.

Ife a mu Mzuzu tikudziwa fungo la mabuku akupsa. Pa 18 December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kutheratu. Ophunzira anatsala manja m'khosi, ndipo palibe anafunsa ngati mabukuwo anali a zaumulungu kapena a sayansi. Onse anali athu. N'chifukwa chake ndimaima ndi osakhulupirira aja amene amati buku limayankhidwa ndi buku linzake, ndipo ndimafuna kuti ife opemphera tizinena zomwezo buku lake likakhala lotitsutsa.

Pajatu amene analimbana ndi zolemba zachipembedzo m'dziko muno sanali okana Mulungu. Linali boma la Kamuzu Banda, mkulu wa mpingo. Linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo anthu a mpingowo anamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1968 linakhazikitsa lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu zoletsa mabuku. Kenako pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, itasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Inanena za malipiro ochepa, za zipatala zopanda mankhwala, za anthu omangidwa popanda mlandu. Boma linati ndi kalata youkira, kupezeka nayo ndi mlandu, ndipo anthu ena anakayatsa moto nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka kumene kalatayo inatulukira.

Mkwiyo waukulu wa boma unagwera Mzuzu. Monsignor John Roche, wansembe wa ku Ireland amene ankatsogolera dayosizi ino, anaganiziridwa kuti ndi amene anatsogolera kulemba kalatayo, ndipo pa Lachisanu Loyera chaka chomwecho anamulamula kuti atuluke m'dziko pasanathe maola 24. Kalatayo inali itafalikira kale. Anthu ankaichulukitsa mobisa pa makina a fotokope a m'maofesi n'kumapatsirana. Pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa referendamu kusankha zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho chiletso cha Mboni za Yehova chinachotsedwa.