Malipiro a ku America sachokera ku Washington kokha

Ambiri timaganiza kuti ku America nkhani za malipiro a wantchito zimagamulidwa ndi pulezidenti ndi aphungu a ku Washington basi. Koma dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa ndi nyumba yake ya malamulo. Zambiri zokhudza thumba la banja zimapangidwa kumeneko.

Boma lalikulu limangoika malipiro otsikitsitsa, madola 7.25 pa ola, ndipo ndalamayi sinakwerepo chiyambire Julaye 2009. Chigawo cha Texas chidakali pomwepo. Chigawo cha California chidafika pa madola 16 mu 2024, ndipo mu Epulo chaka chomwecho lidayamba kugwira ntchito lamulo lake loti ogwira ntchito m'malesitilanti akuluakulu ngati McDonald's azilandira madola osachepera 20. Choncho anyamata awiri okazinga tchipisi, wina ku Houston ku Texas wina ku Los Angeles ku California, lamulo limawateteza mosiyana kutalitali, ngakhale kuti wa ku Los Angeles lendi imamudyeranso gawo lalikulu la ndalamazo.

Pa uchembere ndiye pomwe pali kusiyana kowawa. Lamulo la dziko lonse la 1993 limapatsa mayi amene wabereka tchuthi cha masabata 12 koma chopanda malipiro, komanso limangokhudza makampani a antchito 50 kapena kuposa. California idayamba kulipira makolo a makanda ali patchuthi mu 2004, pogwiritsa ntchito ndalama zodulidwa pamalipiro a antchito eniake. New Jersey idatsatira mu 2009.