Mvula ya mu gemu imadziwika ndi pansi ponyowa

Ambiri amaganiza kuti mvula ikamagwa mu gemu ya pakompyuta, kompyutayo imawerengera dontho lililonse. Sizingatheke. Kuti zinthu ziziyenda mosadukiza, makinawo amafunika kujambula zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chili ndi mamilisekondi osakwana 17. M'kanthawi kameneka muyenera kulowa anthu, nyumba, kuwala, mitengo ndi mvulayo.

Ndiye ife opanga magemu timagwetsa madontho pafupi ndi kamera pokha (kamera ndi diso lomwe wosewera amaonera za mu gemu), m'bokosi losaoneka lomwe limayenda ndi wosewerayo. Dontho lalikulu limatsika pa liwiro la mamita pafupifupi 9 pa sekondi, moti diso limangoona kamzere, choncho timajambula kamzereko basi. Kutali, nkhungu yopyapyala imakwanira.

Koma ine mtima wanga uli pa nthaka. Tayang'anani khonde la simenti mvula ikangoyamba: limada kaye, kenako limayamba kunyezimira, madzi n'kudikha pamalo otsika, ndipo dontho likagwera pachithaphwi pamatuluka timikombero tomwe timakula mpaka kuzimiririka. Mukakonza zimenezi bwino, wosewera amakhulupirira kuti kukugwa mvula ngakhale madontho akhale ochepa. Mukazisiya, timizere tija timangokhala ngati zokanda pa galasi. Pansi pa denga payeneranso kukhala pouma. Pa ichi timaika kamera yobisika m'mwamba, yoyang'ana pansi, kuti itiuze malo otchingika. Apo ayi mvula imagwera m'chipinda.

Mitengo nayo ili ndi vuto lake, kuchuluka kwa masamba. Nthawi zambiri sitiumba tsamba lililonse palokha. Timajambula phava la masamba pa kachidutswa kafulati, mipata yake n'kukhala yoonekera, ndipo mtengo wakutali umangokhala chithunzi chotembenukira komwe kuli kamera. Pulogalamu ya SpeedTree, yomwe inadzaza nkhalango za mu gemu ya The Elder Scrolls IV: Oblivion mu 2006, inatchuka ndi njira zoterezi.

Chomwe chimaupatsa moyo mtengo ndi mphepo. Opanga gemu ya Crysis ya 2007 anaigawa pawiri: chomera chonse chimawerama pang'onopang'ono kutsata mphepo, pomwe masamba amanjenjemera mofulumira paokha. Tsamba lililonse limapatsidwa nthawi yakeyake yoyambira. Onse akagwedezeka limodzi ngati ovina malipenga, diso limazindikira pomwepo kuti uwu si mtengo.